Corolla yomwe inkazima yokha pa mahampu: lipoti la ntchito ya magetsi

Galimoto ndi vuto lake

Galimoto ya mu lipotili ndi Toyota Corolla AE110 ya chaka cha 1997, ya injini ya petulo ya 5A-FE ya malita 1.5, ya magiya osintha ndi dzanja. Inalowa m'dziko muno itagwira kale ntchito ku Japan, ndipo pofika kwa mwini wake wa pano inali itadutsa m'manja mwa anthu angapo. Mwini wakeyo ndi mayi wa ku Machinjiri amene amakaoda katundu wa mu golosale yawo ku Limbe, choncho galimotoyi imayenda tsiku ndi tsiku, pena pa phula pena pa fumbi, kawirikawiri italemedwa kumbuyo.

Dandaulo lawo linali lakuti imazima ikuyenda, popanda chenjezo lililonse. Imatha sabata yathunthu ili bwinobwino, kenako n'kuzima mobwerezabwereza madzulo amodzi. Pofika kwa ine n'kuti itagulidwa kale batire latsopano, alternator (chipangizo chopanga magetsi ndi kutchaja batire injini ikulira) yogwirapo kale ntchito, pampu ya mafuta ndi mapulagi, chilichonse pa ulendo wakewake wa kwa amakaniko osiyanasiyana. Akaika chinthu chatsopano galimoto inkaoneka ngati yachira, koma pakapita masiku vuto linkabwerera momwe linalili.

Zimene ndinafunsa ndisanatsegule boneti

Galimoto inalowa pagalaja ikulira bwino, ndipo ikanatha kulira choncho mpaka dzuwa kulowa. Vuto lobwera n'kupita ndi lotero, mmisiri sulipeza lili poyera. Amene analiona ndi maso ndi woyendetsa, ndiye ntchito imayambira pomufunsa bwinobwino, mafunso oti ayankhe zimene anaona, osati zimene anauzidwa kwina.

“Mayi, ikazima choncho, timagetsi tofiira ta pa dashibodi timayaka?”

“Ayi amisiri, palibe choyaka. Imangoti zii, ngati mmene amathimira magetsi a m'nyumba. Ndi mahazadi omwe sayaka.”

“Nanga mukapotokola kiyi?”

“Palibe. Ngakhale kaphokoso kaja koti tcha sikamveka.”

“Wotchi ya pa dashibodi imasunga nthawi?”

Anayamba aseka. “Imene ija ndinaleka kalekale kuikonza. Ndikaikonza lero, mkuja yabwerera pa 1:00. Wailesinso imaiwala masiteshoni.”

Ndikufunsabe, zina zinatuluka zomwe iwo sankaziona ngati zikukhudzana ndi vutoli. Imakonda kuzima usiku kapena kukugwa mvula, makamaka akamachepetsa liwiro kuti akwere hampu kapena kudutsa pa dzenje. Masana pa msewu wabwino sinazimepo. Mababu a kutsogolo akhala akupsa pafupipafupi, ndipo nthawi zina akuthamanga usiku nyale zimawala modabwitsa kwa kamphindi n'kubwerera mwakale. Tsiku lina anyamata a pa siteji anaikankha mtunda ndithu koma sinalire. Chimene chimaidzutsa ndi mwana wawo wamwamuna, amene amatsegula boneti, kugwedeza batire ndi kugogoda mitu yake ndi sipanala.

Mayankho amenewa anachotsa zinthu zambiri pa mndandanda ndisanagwire chida chilichonse. Injini ikazima chifukwa cha mafuta, kaya pampu yatopa kaya sefa yatsekeka, imayamba yatsokomola, mphamvu n'kumachepa, ndipo ikaima timagetsi ta oilo ndi ta batire timayaka poti kiyi akadali pa ON. Ikazima chifukwa cha koilo kapena igniter, zopereka moto ku mapulagi, zomwe zimakonda kufooka zikatentha, dashibodi imayakabe ndipo sitata imazunguza injini, kungoti siigwira moto mpaka izizire. Relay ya EFI (dongosolo lopopera mafuta mu injini molamulidwa ndi kompyuta) ikavuta imamana magetsi kompyuta ya injini, koma ilibe nawo ntchito mahazadi. Switch ya kiyi ndi imene ambiri amaithamangira pa vuto lotere, ndipo n'zoona kuti pa galimoto ya zaka zimenezi imakhala itaperepeseka m'kati. Koma switch imadula zokhazo zimene zimadutsira mwa iyo. Mahazadi, kagetsi ka kudenga ndi chikumbumtima cha wotchi zimalandira magetsi ngakhale kiyi ali m'thumba. Wotchi ya Toyota kuti ibwerere pa 1:00 ndiye kuti yamanidwa magetsi ochokera ku batire enieniwo.

Choncho malo ofufuza anachepa kwambiri: m'kati mwa batire, mitu yake, materminal (zitsulo zopanira zingwe pa mituyo), zingwe zikuluzikulu ziwiri zija, ndi kabokosi ka mafyuzi aakulu kamene kali pafupi ndi batire. Zonsezi zili m'dera losapitirira mkono umodzi.

Kuyeza koyamba, kumene sikunaonetse kanthu

Ndinayamba ndi makodi a kompyuta, chifukwa mayeso ena otsatira amawafufuta. Pa Toyota za nthawi imeneyi sipafunika makina. Pansi pa boneti pali kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS. Ukalumikiza TE1 ndi E1 ndi kawaya n'kuika kiyi pa ON, kagetsi ka CHECK kamaphethira kuwerenga nambala ya vuto. Apa kanangophethira mofanana osadukiza, kutanthauza kuti mulibe kodi. Wina angamve ngati ndi nkhani yabwino, koma pa galimoto iyi sizinatanthauze kuti zonse zili bwino. Kompyutayi imasunga makodi ndi magetsi a batire, ndipo akadulidwa kwa kanthawi imaiwala zonse, monga imachitira wotchi ija.

Batire litapuma linaonetsa 12.6 V, chizindikiro cha batire lodzaza. Poliza injini silinatsike kupyola 10.4 V, pamene malire amene timayendera ndi 9.6 V. Injini ikulira, pa mitu ya batire panali 14.1 V. Materminal anali oyera mbee, zikuoneka kuti aliyense amene anagwirapo galimotoyi anawapala ndi sandipepa, ndipo anali omangika moti sankazungulira ndi dzanja. Mafyuzi aakulu a ALT, AM1 ndi anzake anali athunthu, mabawuti ake olimba, pulasitiki yake yosasungunuka paliponse. Munthu woyeza zokhazi akanalemba kuti magetsi a galimotoyi alibe vuto, ndipo sakanakhala kuti wanama pa manambala.

Chinthu chimodzi chokha sichinandisangalatse: sitata inkazungulira mwaulesi pang'ono, mosagwirizana ndi batire latsopano lodzaza.

Kuyeza magetsi otayika panjira

Apa ndi pamene amisiri ambiri timasiyanirana. Chizolowezi ndi kuika mita yoyezera magetsi pa ohms kapena pa kabelu kaja kolira magetsi akamadutsa, kugunditsa mbali ziwiri za chingwe, mita ikalira n'kunena kuti chingwe chili bwino. Mita imatumiza magetsi ochepetsetsa, oti kawaya kamodzi kopyapyala ngati tsitsi kamawadutsitsa popanda vuto. Sitata ya injini ya kukula uku imakoka ma amp oposa 100. Chingwe choti chatsala ndi tiwaya tochepa chimapambana mayeso a kabelu, n'kulephera ntchito yeniyeni. Njira yoona ndi kuchiyeza chikunyamula katundu wake: mita pa mavolti, nsonga imodzi kumayambiriro kwa chingwe, inayo kumapeto, wina n'kumaliza sitata. Nambala imene ikuoneka ndi magetsi amene akutayika pakati pa nsonga ziwirizo. Chingwe chabwino chimataya ochepa zedi, 0.2 V kapena kucheperapo, ndipo mbali yonse ya positive kuchokera pa batire kukafika pa sitata isapyole 0.5 V.

Ndinazula fyuzi ya EFI kuti injini izingozungulira osagwira moto, mnyamata wanga n'kukhala pa kiyi. Kuchokera pa mutu wa positive kukafika pa bawuti ya sitata, mita inati 0.3 V. Palibe chodandaulitsa. Kuchokera pa mutu wa negative kukafika pa chitsulo cha injini inati 0.9 V. Apa ndiye panali nkhani.

Kenako ndinayamba kufupikitsa mtunda. Nsonga ya mita iyenera kugunda mtovu wa mutu wa batire weniweniwo, osati terminal, apo ayi ulumpha malo amodzi amene amabisa mavuto ambiri. Pakati pa mutu ndi terminal panali 0.04 V, kusonyeza kuti opala aja anagwira ntchito yawo. Pa galimoto iyi chingwe cha negative chimachoka pa batire, kumangidwa pa bodi pafupi pomwepo, n'kupitirira kukamangidwa pa gearbox. Kuchokera pa bawuti ya pa bodi kukafika ku injini kunkatayika zosakwana 0.1 V. Zotsala zonse, pafupifupi 0.8 V, zinkathera m'kachidutswa ka chingwe ka pakati pa terminal ndi bawuti ya pa bodiyo, kotalika ngati chikhatho ndi theka. Nditakagwira sitata itangoleka, kanali kofunda. Masamu ake ndi osavuta: 0.8 V kuchulukitsa ndi ma amp 120 ndi pafupifupi mawati 100, moto woposa wa babu limodzi la kutsogolo, ukuyaka m'kati mwa pulasitiki ya chingwe. Ukawerengera mu ohms ndi zosakwana 0.01, pamene mawaya a mita yanga paokha amaonetsa 0.2. Ndi chifukwa chake mayeso a kabelu sakanachigwira chingwechi ngakhale pang'ono.

Pamenepa ndikanatha kusintha chingwe n'kuwauza mayi aja kuti zatheka. Koma chingwe chotaya 0.8 V chikufotokoza ulesi wa sitata basi, sichikufotokoza galimoto yothimiratu. Amene anaika alternator aja naonso anapeza kanthu kenakake kosalongosoka n'kuimira pomwepo. Pa vuto lobwera n'kupita, ine sindilemba kuti ndapeza gwero ndisanalipangitse kuchitika ndikuona, ngati njira yotero ilipo.

Kulipangitsa kuti lichitike

Kugwedeza chingwe uku ndi uku sikunasinthe kanthu. Chinali chouma gwa, chokulungidwa ndi tepi yakuda yambiri kumbuyo kwa terminal. Chimene chinanditsegula maso ndi thireyi yokhalapo batire. Chitsulo chopanira batire pamwamba panalibe, ndi mabawuti ake aatali omwe. M'malo mwake munali chingwe cha mphira chodulidwa ku chubu, chomwe chinali chitafutukuka ndi kutentha kwa injini. Batire latsopanolo linali laling'ono, lija timalitcha NS40, pa thireyi yomwe ili ndi malo a lalitali la NS60. Pa manambala a ku Japan olembedwa pa batire, monga 40B19L kapena 46B24L, nambala ya pambuyo pa chilembo B ndi utali wake m'masentimita, ndiye kusiyana kwa awiriwa ndi mpata wa zala zitatu. Pansi pa thireyi, m'fumbi ndi dzimbiri, munali mizere yonyezimira yosonyeza mmene batire lakhala likuseselekera uku ndi uku.

Mayeso otsatirawa ndinawachita injini ili chete, mwadala, pa chifukwa chimene chimveke posachedwa. Ndinayatsa nyale zikuluzikulu, mita ili pakati pa mutu wa negative ndi chitsulo cha injini, ikuonetsa 0.06 V. Ndinakankha batire pang'onopang'ono motsata mizere ija, kulowera kumene chingwe cha negative chimakokeka. Lisanafike kumapeto kwa thireyi nyale zinaphethira, kenako zinathima, dashibodi n'kuti bii. Mita inalumphira pa 12.5 V. Mphamvu yonse ya batire inali itaima pa malo odukawo, ikusowa podutsa. Nditalibweza m'mbuyo, nyale zinayakanso, wotchi ili pa 1:00. Ndinawaitana mayi aja kuti akankhe okha ndi dzanja lawo. Anakankha, kuthima, kubweza, kuyaka.

“Ndiye ndalama zonse zija zinapitira kachingwe aka?”

Ndinawayankha kuti tiyambe tachitumbula tione.

Pansi pa tepi panali terminal ya mtundu uja wogula paokha, wa kachitsulo ndi mabawuti awiri opanira waya wosenda. Wina anaiika kalekale atadula yoyambirira. Popanirapo panali pooneka bwino. Koma nditang'amba pulasitiki ya chingwe ndi mpeni motsata utali wake, masentimita atatu kumbuyo kwa terminal munatuluka ufa wobiriwira wosakanikirana ndi woyera. Tiwaya ta kopa tinali takuda, tothetheka pokhudza, ndipo tonse tinali titaduka, tina apa tina patsogolo pang'ono, nsonga zake zolowana ngati zala za manja awiri. Pa nsonga zina panali timadontho tosungunuka, posonyeza pamene moto unkathethekera. Chimene chinagwirizira mbali ziwirizi ndi pulasitiki ndi tepi basi. Batire likakhala malo ake nsongazo zinkapanikizana n'kumadutsitsa magetsi okwanira kuliza sitata, likaseseleka zinkasiyana.

Chiyambi chake ndi asidi. Batire lakale likamatuluka thukuta pa mutu, kapena likadzazidwa madzi mopyola muyeso, asidi amalowa pa waya wosenda n'kumayenda pakati pa tiwaya kulowera m'kati, kumene sandipepa safika. Kopa wodyeka akamapindidwapindidwa ndi batire losamangika, amaduka kamodzikamodzi. Izi zikufotokozanso kuchira kwa masiku ochepa kuja. Aliyense wosintha pampu kapena alternator amayamba wamasula batire, pomaliza n'kulikhazika bwino ndi kukankhira chingwe m'malo mwake. Galimoto inkachira chifukwa cha kukhazikidwa kwa batireko, chitamando n'kupita kwa chipangizo chatsopano.

Chifukwa chake inkasankha usiku ndi mahampu

Funso limene mmisiri aliyense angafunse ndi ili: injini ikamalira, magetsi amachokera ku alternator, nanga batire likaduka iziziranji? Yankho lake ndi lomwe likugwirizanitsa zonse zimene mayi aja ananena.

Alternator ya pa galimotoyi yalembedwa 70 A, koma imafika pamenepo injini ikathamanga. Pa idling, injini ikungolira osapondedwa mafuta, imapereka gawo chabe. Usiku wa mvula katundu ndi wambiri: mababu awiri a 55 W akudya pafupifupi ma amp 9, kuonjezapo nyale za kumbuyo, mawaipa, fani youzira pa galasi kuti lisachite nthunzi, pampu ya mafuta, moto wa mapulagi ndi kompyuta. Pofika pa hampu phazi limachoka pa mafuta, injini imatsikira pa idling, nyale za mabuleki za 21 W iliyonse zimayaka, ndipo fani ya radiator ikhoza kudzuka nthawi yomweyo, yomwe poyamba kuzungulira imakoka kwambiri. Pa galimoto yabwino batire limathandizira pa kamphindi kameneko, woyendetsa osadziwa n'komwe. Apa kuponda buleki ndi kugunda hampu n'komwe kunkasesereza batire n'kulidula, pa nthawi yeniyeni imene likufunika. Mavolti akatsika, maginito a m'kati mwa alternator, omwe amadalira magetsi omwewo, amafooka, ndipo ikafooka imapereka ochepa kuposa pamenepo. M'kuphethira kwa diso zonse zagwa, kompyuta yazima, pampu yaima. Kuikankha sikukanathandiza, poti popanda batire palibe chodzutsa pampu, kompyuta kapena alternator imene.

Masana katundu ndi wochepa, choncho batire likaduka kwa kamphindi alternator inkanyamula yokha, mayi aja osazindikira kanthu. Pa liwiro lalikulu zinkachitika mosiyana. Alternator ikutchaja mwamphamvu, batire n'kuchoka mwadzidzidzi, regulator, imene imalamulira mavolti a alternator, imachedwa pang'ono kubweza moto, ndipo mavolti amalumpha kupyola muyeso. Kumeneko ndiye kuwala kodabwitsa kuja, ndipo ndi kumene kunkapsereza mababu.

Pali chizolowezi chofala m'magalaja athu ndi m'mbali mwa misewu, choyesa alternator pozula terminal ya batire injini ikulira: ikapitiriza kulira akuti alternator ili bwino. Enanso amabwereka batire, kuliza galimoto, n'kulichotsa ikulira kuti abwezeretse lakufa. Zinkatheka pa galimoto zakale za carburettor zopanda kompyuta, ngakhale pamenepo madiode a mu alternator ankavutika. Pa galimoto ya EFI ndi kuika pachiswe kompyuta, regulator, wailesi ndi dashibodi, pofuna yankho limene mita yotchipa imapereka mosaononga kanthu. Ndi chifukwa chake ndinakankha batire injini ili chete. Corolla iyi inakhala ikudzichita mayeso oipawa yokha pa mabampu a ku Machinjiri kwa miyezi. Alternator yakale mayi aja anali nayo m'buti. Nditaitsegula ndinapeza diode imodzi yakufa. Ndiye amene anaisintha sanawanamize, inalidi yoonongeka, kungoti chimene chinaipha chinatsala m'galimoto chikudikira yatsopanoyo.

Ndinawafotokozeranso za ngozi yake, poti anali atazolowera vutoli mpaka kumaliona ngati chibwana cha galimoto yokalamba. Injini ikazima chiwongolero chimauma, ndipo mabuleki amatsala ndi mphamvu yothandizira ya kuponda kamodzi kapena kawiri kokha, kenako amalimba. Munthu aponde kamodzi mosalekeza, asapope, ndipo asabweze kiyi mpaka pa LOCK galimoto ikuyenda, chifukwa chiwongolero chikhoza kukhomeka. Usiku, pa msewu wopanda nyale, galimoto yopanda ndi mahazadi omwe ndi msampha kwa minibasi yobwera m'mbuyo ndi kwa akabaza.

Zimene zinakonzedwa

Chingwe chonse cha negative chinachotsedwa, osati kungodula powola n'kupaniranso terminal ina, chifukwa kubiriwira kunali kutayenda mpaka pafupi ndi bawuti ya pa bodi. Ndinapanga china cha kopa cha 25 mm², nsonga zake zofinyidwa ndi chofinyira chachikulu, osati kuphwanyidwa ndi hamala, n'kuvekedwa heat shrink, pulasitiki yokhwinyata ikatenthedwa, kuti asidi ndi madzi zisapeze polowera. Pogula chingwe chotere pamafunika maso. Pali zingwe zonenepa zokongola zogulitsidwira ma amplifier a nyimbo, zomwe m'kati ndi aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba. Zimapepuka m'manja, ndipo ukapala kawaya kamodzi ndi mpeni kamayera. Sizinyamula magetsi ofanana ndi kopa weniweni wa kunenepa komweko, ndipo pafupi ndi asidi sizikhalitsa.

Pomangira pa bodi ndi pa gearbox ndinapala mpaka chitsulo kuwala, kumanga, kenako n'kupaka girisi pamwamba. Girisi amabwera pomaliza, zitsulo zitagwirana kale. Chingwe ndinachisiyira utali wokwanira kuti chisakhale chokokeka ngakhale injini igwedezeke pa mamounting ake. Thireyi inatsukidwa ndi madzi a soda wophikira mpaka thovu kuleka, n'kupakidwa penti. Batire poti linali latsopano ndipo linapambana mayeso, panalibe chifukwa chowagulitsa lina. Tinatseka mpata uja ndi thabwa lolimba, n'kupanga chopanira chachitsulo ndi mabawuti awiri aatali. Pa ntchito yonseyi negative ndi imene imayamba kumasulidwa ndi kumalizira kumangidwa, kuti sipanala ikagunda bodi uli pa positive pasathetheke moto pafupi ndi mpweya wa batire, womwe umaphulika.

Chingwe cha positive ndinachisenda pang'ono kumbuyo kwa terminal kuti ndione m'kati. Kopa wake anali wofiirira bwino, ndiye ndinachitsekanso n'kuchisiya.

Manambala atatha kukonza anali otere: kuchokera pa mutu wa negative kukafika pa injini, sitata ikulira, 0.12 V pomwe panali 0.9 V. Sitata inayamba kuzungulira mwachangu moti ndi mayi aja omwe anamva kusiyana kwake. Kutchaja kunali 14.2 V popanda katundu, ndi 13.6 V pa idling nyale, fani ndi mawaipa zikugwira ntchito. Mita itaikidwa pa AC pa mitu ya batire inaonetsa 0.05 V, kusonyeza kuti madiode a alternator yachiwiriyi anapulumuka. Pomaliza tinaiyendetsa pa msewu wafumbi wa mabampu ndi pa mahampu, zonse zamagetsi zili zoyatsa, mita ili pa MIN/MAX, posunga nambala yotsikitsitsa ndi yokwereratu, yolumikizidwa pa soketi ya choyatsira fodya. Chotsikitsitsa chinali 13.3 V, chokwereratu 14.4 V.

Zina zimene zinapezeka

Pansi pa chiwongolero panali alamu yoikidwa kuno, imene inasiya kalekale kugwira ntchito koma ikadali yolumikizidwa. Woiikayo anadula waya wina wochokera ku switch ya kiyi n'kuudutsitsa mu relay ya alamuyo, mfundo zake zongopota ndi zala n'kukulunga tepi. Sizimene zinkazimitsa galimoto ulendo uno, poti vuto la pamenepo silikanakhudza wotchi kapena mahazadi, koma tepi inali itayamba kale kusungunuka pa mfundo imodzi. Mayi aja anavomera kuti ichotsedwe, ndipo wayayo analumikizidwanso ndi solder. Magetsi amene galimoto imadya itazimitsidwa anatsika kuchoka pa 70 mA kufika pa 20 mA. Ife timafuna asapyole 50 mA.

M'bokosi la mafyuzi la m'kati, fyuzi ya mawaipa inali yopsa, yomangidwa ndi tiwaya ta kopa kunja kwake. Ndinaika ya 20 A monga palembedwera pa chivundikiro, n'kuyeza zimene mota ya mawaipa ikukoka pa galasi lonyowa. Zinali m'malire, ndipo fyuzi yatsopanoyo sinapse.

Mayi aja anabweranso nyengo ya mvula ili kumapeto kudzasinthitsa mababu a kumbuyo. Galimoto inali isanazimeponso, ndipo palibe babu la kutsogolo limene linapsa chichokereni pagalaja. Ndinayezanso chingwe cha negative sitata ikulira, chinali pa 0.12 V pomwe paja, chopanira batire chili cholimba.

Zotsala zimene ndinawalembera ndi ziwiri. Switch ya kiyi yayamba kugwedera, ndipo mulu wa makiyi a golosale ndi a kunyumba umene umalendewera pamenepo ukuifulumizitsa kutha; kiyi wa galimoto akhale payekha, ndipo tsiku limene dashibodi idzaphethire pogwedeza kiyi koma mahazadi akuyaka, switch isinthidwe. Batire ili likadzatha adzagule la utali wa masentimita 24 lokwana pa thireyi, la mitu yopyapyala yofanana ndi materminal amene alipowa, thabwa lija lidzachoke. Pampu ya mafuta yakale, imene anali nayonso m'buti, ndinaiyesa ndipo ikupopa bwino. Ndinawauza aisunge pouma, yokulungidwa m'pulasitiki.